Nyumba yopumulirako kufupi ndi Senga Bay: mkangano wa poika maziko ndi zimene nyanja inachita mu 2024

Chakumapeto kwa 2018 banja lina la ku Lilongwe linatipatsa ntchito yojambula pulani ndi kuyang'anira kamangidwe ka nyumba yopumulirako pamalo awo a m'mphepete mwa nyanja, kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Lizi anali atatenga kale. Ankafuna zipinda zogona zitatu, balaza lalikulu ndi khitchini, nyumba yoti azipitako ndi ana pa tchuthi, miyezi ina n'kumagonekamo alendo kuti izidzilipirira yokha. Ananenetsa kuti sakufuna kuwononga chilengedwe, choncho pamndandanda wawo panali sola, thanki yokololera madzi amvula ndi njerwa zosaotcha. Zonsezi tinachita. Koma chimene chinadzapulumutsa nyumbayi sichinali pamndandandawo, ndipo n'chimene tinalimbana nacho kwambiri: malo enieni okumbapo maziko.

Zithunzi zimene anabwera nazo pafoni zinali za nyumba za ku Cape Town ndi ku Zanzibar, zamagalasi ataliatali ndi makonde olendewera pamadzi. Nyumba zoterozo zimamangidwa poganizira mchere umene umadya zitsulo ndi madzi amene amadzaza n'kuphwa kawiri patsiku. Nyanja yathu ya Malawi ilibe mchere ndipo sichita zimenezo. Imakwera pafupifupi mita imodzi ndi mvula, kufika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi, n'kutsikanso pofika Novembala ndi Disembala. Kuopsa kwake kuli pa kusintha kwapang'onopang'ono kumene kumatenga zaka zambiri. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 inatsika moti Shire inasiya kutulukamo. Mu 1980 inakwera kupitirira mamita 477 kuchokera pamulingo wa nyanja yamchere. Mu 2016 ndi 2017, zaka zija magetsi ankangothimathima chifukwa madzi anachepa ku Nkula ndi ku Tedzani, inali pafupifupi pa 473. Banjali linagula malo nthawi imeneyo, mchenga uli mbee kutalika ndithu, osadziwa kuti gawo lalikulu la zimene akuonazo ndi pansi pa nyanja.

Zimene tinapeza pamalopo

Tisanalembe chilichonse papepala tinaitana saveya kuti ayeze kukwera kwa malo onse, kuchokera pamadzi mpaka kumsewu wafumbi wa kumbuyo, ndipo muyeso wake aumangirire kuchizindikiro cha boma chodziwika kutalika kwake. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ambiri amayeza kuchokera pamadzi a tsiku limenelo, ena amakhulupirira nambala ya GPS ya pafoni, imene imaphonya ndi mamita angapo. Pagombe lokwera pang'onopang'ono ngati ili, kuphonya ndi mita imodzi m'mwamba ndiye kuti waphonya ndi mamita 30 a nthaka.

Madzi tsiku limenelo anali pa 473.5, ndipo mzere wa 477 unagwera mamita oposa 100 kumtunda. Pamene mwini malo anali atakhomera kale zikhomo zake, pakati pa migwalangwa iwiri yokongola, panali pa 475 basi.

Tinakumba maenje oyesera nthaka. La pazikhomozo linali mchenga wokhawokha, makoma ake akugumuka tikukumba, ndipo lisanapitirire mita ndi theka madzi anayamba kutumphuka pansi, umenewu uli mwezi wa Okutobala. Dzenje lapakati, pamalo omera udzu amene aliyense akanati ndi pamtunda, linatipatsa umboni wina: pansi pa dothi lakuda la pamwamba panali mzere wa mchenga wokhakhala wodzaza ndi zigoba za nkhono za m'nyanja. Dzenje lakumtunda, pa 477.7, linali la dothi lolimba lofiirira, louma mpaka mamita awiri.

A mfumu anatilozera msodzi wina wachikulire wobadwira pomwepo. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, chibadwire chanu madzi anafikapo pati?" Sanayankhe. Anangonyamuka, ife pambuyo, kudutsa zikhomo zija, kudutsa mathandala oyanikapo usipa, mpaka pamkuyu wina waukulu. "Chaka chimene madzi analowa m'mudzi, mabwato tinkamangirira apa," anatero akusisita tsinde la mtengowo. "Madzi saiwala khwawa, mwana wanga." Saveya atayeza patsindepo anapeza 476.8. Makina, zigoba za nkhono ndi agogowo zinanena chinthu chimodzi.

Anatichenjezanso za dambo la kuseri kwa msewu, kuti nyanja ikadzaza limakwera nayo limodzi. Motero malowo anali kamtunda kopapatiza pakati pa madzi awiri.

Kukambirana ndi eni nyumba

Nditawauza kuti nyumba ipite kumtunda kwa mkuyu, bambowo anakhumudwa zedi. "Ndiye ine ndinagula nyanja kapena thengo?" anafunsa. Mfundo yawo inali yomveka: oyandikana nawo mbali zonse anamanga pamchenga penipeni, ndipo alendo amalipira kuti akatsegula chitseko aponde gombe. Mayi aja nkhawa yawo inali ya ana, kuti akamasambira sadzaoneka kuchokera pakhonde.

Ndinayamba ndi malamulo. Bungwe la National Water Resources Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamadzi la 2013, limatenga mzere wa 477 ngati malire, ndipo kumunsi kwake sikoyenera kumangako nyumba yokhazikika. Bambowo anangoloza nyumba za anzawo. Apa ndipomwe ntchito yathu imavutira, chifukwa lamulo limene anthu akuliona likuphwanyidwa tsiku ndi tsiku silikopa munthu. Ndinawauza mosapita m'mbali kuti, "Bambo, pulani ya pazikhomo zanuzi ine sindisaina. Mukhoza kupeza wina woti asaine, ndipo sangasowe, koma ndikupempheni tikaimirire kaye pamalopo."

Tinamanga kansanja ka mitengo pamtunda paja, kofanana kutalika ndi pamene khonde lidzakhale, n'kuwakweza onse awiri. Kuchokera pamenepo gombe lonse linkaoneka bwino kuposa pansi paja, chilumba cha Namalenje chili poyera, kamphepo kakuwomba pamene pamchenga pankatentha mapazi. Mayi aja ndiwo anayamba kuvomera. Tinagwirizana kuti pamigwalangwa paja tiike chisakasa cha mitengo ndi udzu, chomangidwa ndi mabawuti osati misomali, choti anthu anayi akhoza kuchiphwasula tsiku limodzi madzi akayandikira. Kansanja kaja kanagwira ntchito imene zojambula zanga zonse zinalephera, ndipo masiku ano sindikambirananso za poika nyumba ya kunyanja tili mu ofesi.

Pansi pa nyumba tinapaika pa 478.5. Mita ndi theka yoonjezerayo inali ya mafunde. Mulingo umene amalengeza ndi wa madzi odekha, koma mwera ukamawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amathamangira kumtunda kupitirira pamenepo.

Khoma kapena bango

Nkhani yachiwiri inali ya khoma lotchinga mafunde. Woyandikana nawo wa kumpoto anali nalo la miyala ndi simenti, ndipo bambowo ankafuna lofanana nalo, komanso mpanda wofika m'madzi. Ndinakana zonse ziwiri.

Funde likamenya khoma loongoka silitha mphamvu. Limabwerera ndi mchenga wa patsinde pa khomalo, ndipo lotsatira limachitanso chimodzimodzi mpaka maziko atakhala pamtunda. Madzi odumphira kuseri amatuluka ndi dothi kudzera pansi, khomalo n'kutsala lopanda chotsamira. Kumapeto kwa khoma mafunde amazungulira n'kukadya gombe la mnzako. Bango limachita zosiyana: limapindika, limabwezera funde pang'onopang'ono, mizu yake n'kugwira mchenga. Kumalowo kunali bango lambiri chakum'mwera, ndipo eni ake ankafuna lonse lizulidwe poopa njoka, ng'ona ndi nkhono za likodzo. Mantha amenewa si opanda pake. Koma kum'mwera kwa nyanjayi kunapezeka kuti mtundu wina wa nkhono zofalitsa likodzo umakhala pamchenga poyera, ndiye kuzula bango sikupereka chitetezo chimene anthu amaganiza. Tinalambula mpata wa mamita 12 wosambirapo, lina lonse tinalisiya, ndipo kumtunda kwa mkuyu tinabzala mizere itatu ya udzu wa vetiva.

Za mpanda tinakhala pansi ndi a mfumu ndi komiti ya asodzi ya padokopo. Anthu akhala akukokera mabwato ndi kuyanika usipa pamenepo eni lizi asanabadwe. Tinagwirizana kuti mpanda, wa mitengo yamoyo, uthere pavetiva, ndipo kumunsi kwake kukhale kodutsa aliyense. Ine ndimaona kuti nyumba imene yatsekera mudzi njira ya kumadzi siyenera kutchedwa yosamala chilengedwe, ngakhale denga lake lonse likhale la sola.

Nyumbayo

Pulani yake ndi yosavuta. Ndi yaitali kuchokera kumpoto kupita kum'mwera, yopapatiza, chipinda chilichonse chili ndi zenera kunyanja ndi lina kumbuyo kuti mphepo izidutsa. Kum'mawa kuli khonde la mamita atatu. Kumadzulo, kumene dzuwa la Okutobala la ku Salima limaphula nako, tinaikako mabafa ndi sitolo yosungiramo katundu, mazenera aang'ono, ndipo mitengo ya misangu ndi mango imene inalipo sitinadule. Magalasi aakulu aja tinawasiya, m'malo mwake tinaika zitseko zamatabwa zokhala ndi mipata yolowetsa mpweya, zonse ndi sefa wa udzudzu. Ndalama za magalasi ndi za khoma lija ndi zimene zinalipira maziko okwerawo.

Kuchokera pansi mpaka pasilabu tinamanga ndi miyala ndi simenti, pamwamba pake njerwa zadothi zopsinja ndi makina. Malamulo a 2018 a bungwe la National Construction Industry Council anali atayamba kale kuletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito zikuluzikulu, ndipo aliyense woyenda pamsewu wa M14 amaona yekha mmene mapiri ayerera. Vuto linali dothi. Mchenga wa kunyanja sugwirana, moti njerwa zoyeserera za dothi la pamalopo zinkafumbutuka m'manja. Tinakatenga katondo kumtunda, kusefa, kusakaniza ndi simenti pang'ono, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 14, ndi kuzisunga zonyowa pansi pa pulasitiki milungu inayi. Pamenepa kapitawo ayenera kukhala wouma mtima, chifukwa kumatentha ndipo amisiri amafuna kuyamba kumanga njerwa zikangooneka zouma. Mchenga womangira sitinakumbe pagombe.

Bimu ya konkire ndi zitsulo inazungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera, ndipo m'makona tinaimikamo zitsulo. Ku Salima kunachitika chivomerezi chachikulu mu Malichi 1989, ku Karonga mu Disembala 2009. Nyanjayi ili m'chigwa chong'ambika ndipo nthaka yake imagwedezeka. Mitengo ya denga tinaimangirira kubimuyo ndi zitsulo zomizidwa mukonkire kuti mphepo isasasule.

Denga eni ake ankafuna laudzu. Ndi lozizira ndiponso lokongola, koma sungakololepo madzi abwino, limafuna kufoleredwanso, ndipo nyumba imene imakhala yopanda anthu miyezi yambiri moto wa tchire ukhoza kuimaliza. Tinaika malata oyera, siling'i ya nsungwi zolukidwa ndi amisiri a m'mudzimo, ndi mpata pakati pake wotulutsira mpweya wotentha. Mitengo yonse ndi bulugama ndi paini wothira mankhwala a chiswe, ndipo palibe thabwa limene likukhudza dothi. Mabatire a sola ali m'kachipinda kozizira kopita mphepo, pakuti kutentha kumawapha msanga.

Chinthu chimodzi chimene sichinali m'maganizo a eni ake ndi nyumba ya wosamalira malo. Ankati kakhumbi ka pageti kakwanira. Koma banja la wosamalirayo ndi limene limakhala pamalopo chaka chonse. Ndi amene amaona chiswe chikayamba, kutsuka magata ndi kupukuta sola. Tinawamangira nyumba ya zipinda ziwiri ya njerwa zomwezo, pamtunda womwewo, ndipo ndiyo inayamba kumangidwa kuti amisiri aphunzirirepo kagwiridwe ka njerwazo. Tinakhomanso mzati wolembedwa manambala pagombe, bambo wosamalirayo n'kumalemba mulingo wa madzi m'kope Lolemba lililonse.

Chimbudzi ndi madzi akumwa

Apa ndi pomwe nyumba zambiri za kunyanja zimalakwira mwakachetechete. Chizolowezi n'kukumba septiki thanki kumunsi kwa nyumba kuti zonyansa ziziyenda zokha, ndipo kumunsi kwa nyumba ya kunyanja ndi kunyanja. Mumchenga madzi oipa amathamanga osasefeka. Ife thankiyo tinaiika kumbuyo, yomata bwino mkati ndi kunja. M'malo mwa dzenje lakuya lomwetsera madzi, tinayala mapaipi obooka pamulu wa dothi ndi miyala wokwezedwa, pansi pake pali pa 478, n'kubzala nthochi mozungulira. Cholinga chinali choti ngakhale nyanja itafika pafupi ndi pamene inafika mu 1980, pakhalebe dothi louma losefa madziwo. Mjigo tinaukumba mamita oposa 30 kuchokera pamenepo. Bambowo anadandaula ndi mtengo wa mulu wosaoneka bwinowo. Kolera imene inayamba mu 2022 n'kusautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja itafika, nkhaniyo sanaitchulenso.

Ntchito yonse inatha m'chilimwe cha 2020.

Madzi atabwera

Kope la wosamalira malo linayamba kuonetsa kukwera chaka ndi chaka. Mu 2023, chaka cha namondwe Freddy, madzi anafika pachisakasa. Anachiphwasula mothandizana ndi asodzi n'kukasunga mitengo yake kuseri kwa sitolo. Mu 2024, pamene chimanga chinkauma m'madera ambiri a kum'mwera chifukwa cha El Niño, mvula ya kumpoto ndi ya ku Tanzania inadzaza nyanja mpaka inapitirira mamita 476. Pamalo pa zikhomo paja madzi ankafika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, migwalangwa itaima m'nyanja.

Eni malo ambiri a ku Salima ndi ku Mangochi analoza chala Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, geti loyendetsera madzi otuluka m'nyanja kudzera mu Shire, kuti aitsegule madzi apite. Koma madzi ambiri a m'nyanjayi amachoka ngati nthunzi, Shire imatenga gawo lochepa, ndipo kutsegula kwambiri kumaika pachiswe malo opangira magetsi ndi anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Wojambula pulani asawerengere geti la ku Liwonde ngati chitetezo cha nyumba ya munthu.

Chimene ndikufuna anzanga achigwire n'chakuti kuwonongeka kwakukulu sikunachitike mu Epulo madzi ali pachimake. Nthawi imeneyo nyanja inali yodzaza koma yodekha, ndipo ena ankati zapita. Zinthu zinaipa mwera utayamba madzi asanatsike. Usiku wina mu Juni khoma la woyandikana naye uja linagwa chafufumimba, ndipo pasanathe milungu iwiri mafunde anali atakumba pansi pa khonde lake mpaka linang'ambika. Kwathu mafunde anafika patsinde pa mkuyu, nthawi zina n'kunyambita mzere woyamba wa vetiva. Panyumba sanafike.

Sikuti tinatuluka opanda bala. Kumalire a kumpoto, pamene khoma lija linathera, gombe lathu linadyeka kwambiri, monga tinkaopera. Mpata wosambirapo uja unasanduka khwawa limene mafunde ankalowera mozama kuposa pena paliponse, pamene kuseri kwa bango mchenga unatsala. Tinatseka ndi matumba a mchenga, kenako tinabzalamo bango n'kuchepetsa mpatawo ndi theka. Dambo la kumbuyo linakwera monga ananenera agogo aja, linamiza msewu, ndipo kwa miyezi ingapo galimoto sinkafika. Alendo analephereka, ndalama zimene banjali linkayembekezera chaka chimenecho sizinalowe. Nyumba ikhoza kukhala youma koma yosafikika, ndiye muyeso wa saveya uzifika mpaka kumsewu waukulu, ndipo mwini nyumba auzidwe zimenezi asanawerengere phindu.

Mulu wa mapaipi uja unakhala wouma nthawi yonseyo, ndipo madzi a pamjigo titawayezetsa anapezeka abwino. Zimbudzi za nyumba zina za m'mbalimo zinamira, choncho tinaletsa kusamba m'nyanja pamalopo mpaka madzi atatsika, ndipo mabanja a m'mudzi amene zitsime zawo zinaipa ankatunga pamjigowo.

Panabukanso nkhani imene pulani sinaione. Doko litamira, asodzi anasowa poyanika usipa, ndipo malo ouma otsala anali kamzere ka pakati pa mkuyu ndi mpanda, pamaso penipeni pa khonde. Bambowo anandiimbira foni atakwiya ndi fungo ndi ntchentche. Ndinawakumbutsa kuti kumunsi kwa mpanda tinavomereza kuti n'kwa onse, komanso kuti anthu omwewo ndi amene anapulumutsa chisakasa chawo. Tinakumananso kwa a mfumu. Mathandala anasunthidwira kumpoto kwa khonde kuti mwera uzipititsa fungo kutali ndi nyumba, ndipo anagwirizana polemba kuti madzi akatsika adzabwerera kudoko. Mayi aja anapempha kuti mabanja awiri amene nyumba zawo zinagwa asungire katundu wawo musitolo.

Nyanja sinabwerere pamene inali mu 2018, ndipo mitengo ya chisakasa ikadali kuseri kwa sitolo. Posachedwapa banjali labweranso kufuna kanyumba kena ka alendo, poti malo ogona ambiri a m'derali anawonongeka ndipo ofuna malo achuluka. Pamtunda paja padzaza. Potsala pokha ndi kumunsi kwa mkuyu. Ndawauza kuti kumeneko sitimangako, ndipo panopa injiniya akuwerengera ngati maziko ndi bimu ya mbali ya sitolo zingathe kunyamula chipinda chimodzi chapamwamba cha matabwa.